Bob Ali Kuti? Kuwerenga RFC 3261 Padoko la Feira

M'gawo lachinayi la chikalata chotchedwa RFC 3261 muli chithunzi chojambulidwa ndi timizere ndi timadontho ta pa kiyibodi basi. Kumanzere kuli Alice, kumanja kuli Bob, ndipo chapamwamba pakati pawo pali maseva awiri, ina ya atlanta.com, ina ya biloxi.com. Alice akufuna kuimbira Bob. M'munsimo mivi ikupita uku ndi uko, mauthenga 14 olembedwa F1 mpaka F14. Chikalatachi chinatuluka mu June 2002 ku bungwe la IETF, lomwe limakonza ndondomeko zoyendetsera intaneti. Anachilemba anthu asanu ndi atatu, oyamba pamndandanda ndi Jonathan Rosenberg ndi Henning Schulzrinne, ndipo chinalowa m'malo mwa china cha mu 1999. Chili ndi masamba 269. Nkhani yake ndi SIP, ndondomeko yomwe mafoni a pa intaneti amatsata poitanana, poyankhana ndi podula. Ambirife tinaigwiritsapo ntchito osadziwa, chifukwa mafoni a m'maofesi ambiri amayendera yomweyi, chimodzimodzinso kuimba kwa pa 4G komwe makampani amakutcha VoLTE.

Chithunzichi chimawerengeka mwa njira ina ukachitengera ku boma la Luangwa, lomwe akuluakulu amalitchulabe kuti Feira, pomwe mtsinje wa Luangwa umathira mu Zambezi. Ukaima padoko, tsidya la Luangwa ukuona Zumbo wa ku Mozambique, ndipo tsidya la Zambezi kuli Kanyemba wa ku Zimbabwe. Achikunda ndi Ansenga a kuno ali ndi abale mbali zonse zitatu, ndipo mabwato amaoloka ndi nsomba ndi katundu tsiku ndi tsiku. Foni yokha ndiyo imaumirira malire: +260, +258, +263. Woimbira mlamu wake wa ku Zumbo pa nambala ya ku Mozambique amalipira mtengo wa kunja, ndipo mawu ake amayamba akazungulira m'makina a makampani a mayiko awiri asanabwerere kumtsinje womwewo. Akalowa m'zigwa ndi kuseri kwa mapiri, komwe nsanja sizifika, ndiye palibenso cholipira chifukwa palibenso choimba.

Akatswiri akhala ndi maganizo othana ndi zotere kwa zaka zambiri: netiweki yopanda nsanja, yomwe amaitcha ad hoc. Foni iliyonse imakhala yolandira komanso yopatsira. Ya msodzi ali pakati pa madzi imapatsira ya mnzake ali pachilumba, iyonso ipatsira ya wamalonda ali padoko, mpaka uthenga ufike. Mu January 1999, Scott Corson ndi Joseph Macker analemba RFC 2501 yofotokoza chikhalidwe cha netiweki yotere, ndipo sanabise zofooka zake: njira zimasintha mosadziwitsa, mpata wa pa wailesi ndi wochepa, mabatire amatha, ndiponso n'kosavuta kuti wina amvetsere kapena kunamiza anzake. SIP inalembedwera Alice ndi Bob. Kodi ingakhale bwanji m'dziko la Corson ndi Macker?

Poyamba tizindikire kuti chikalata cha 2002 sichinyamula mawu a munthu. Mawu amayenda ndi ndondomeko ina, RTP, m'timapaketi tomwe kawirikawiri timatuluka 50 pa sekondi, kotero kucheza kwa mphindi zitatu ndi timapaketi 9,000 topita ndi tina 9,000 tobwera. Poyerekeza ndi mulu umenewu, mauthenga 14 a SIP ndi kachinthu. Ntchito yawo ndi kupeza munthu, kuliza foni yake, kugwirizana mtundu wa mawu oti agwiritse ntchito, ndi kutseka akamaliza. Koma kwathu kuno timadziwa bwino kuti kachinthu kameneka kakhoza kukhala uthenga wonse. Munthu wopanda mayunitsi akafulasha, palibe paketi ya mawu ndi imodzi yomwe imene yayenda. M'chinenero cha SIP watumiza INVITE, walandira 180 Ringing, ndipo watumiza CANCEL mwini foni asanayankhe. Gawo lachisanu ndi chinayi limaika lamulo lomwe wofulasha aliyense amalitsata mwachibadwa: CANCEL isatumizidwe kufikira yankho loyamba litabwera. Sudula usanamve kulira. Olembawo ankapewa kuti CANCEL ingafike INVITE isanafike, sankaganiza za mayi wodziwitsa mwamuna wake kuti basi yafika pa Luangwa Bridge, koma lamulo lawo likuonetsa kuti ngakhale kufulasha kumafuna njira yopita ndi yobwerera.

Tsopano INVITE ya Alice, mzere ndi mzere. Imalembedwa m'zilembo wamba zoti munthu angawerenge, monga imelo kapena uthenga wa pa webusaiti. Mzere woyamba uli ndi mawu akuti INVITE, kenako dzina la woitanidwa, sip:bob@biloxi.com. Pali mzere wa To ndi wa From, wa Call-ID wosiyanitsa kuimba kumeneku ndi kwina kulikonse, ndi wa CSeq womwe nambala yake ndi 314159. Amene anakhoza masamu ku sekondale aizindikira nambalayi. Ngakhale olemba malamulo amaseka. Palinso Via, pomwe foni ya Alice yalemba adiresi yake, ndipo seva iliyonse yomwe uthenga wadutsamo imawonjezera yakeyake pamwamba. Yankho pobwerera limatsata mndandanda womwewo chobwerera m'mbuyo, seva iliyonse ikufufuta mzere wake.

Choti tione kwambiri ndi chomwe mulibe. M'mizere yonseyi mulibe ponena kuti Bob ali kuti. Alice sadziwa, ndipo chikalatachi chimanyadira kuti safunika kudziwa. Iye amangopereka uthenga ku seva ya kwawo, atlanta.com. Seva imeneyi imafunsa DNS, kaundula wamkulu wa mayina a pa intaneti, kuti ipeze seva ya biloxi.com. Ya biloxi.com imatsegula kaundula wakewake n'kupeza kuti Bob lero ali pa adiresi 192.0.2.4. Zili ngati mlendo wofika pamudzi kudzafuna munthu: sayenda khomo ndi khomo, amayamba kwa nyakwawa, chifukwa amadziwa kuti anthu amapita kumunda, kudambo ndi kumsika, koma bwalo la nyakwawa silisuntha. Luso lonse la SIP lagona pamenepa. Imalola munthu kuyendayenda chifukwa yakhazika zinthu zina zoti zisayende. Bob akhoza kukhala ku ofesi m'mawa, kunyumba madzulo, koma biloxi.com ili pomwepo, ili ndi magetsi, ndipo DNS ikuyankha usana ndi usiku. Pa netiweki ya mabwato zonse zitatuzi palibe. Mzere wa kumunsi kwa chithunzi, wa Alice ndi Bob, ulipo. Mzere wa pamwamba wafufutika.

Manambala a m'chikalatachi ndiwo amaulula bwino dziko la olemba ake. M'gawo 24, Bob akulembetsa foni yake ndi uthenga wa REGISTER, ndipo pa mzere wa Expires walemba 7200. Ndiye kuti akulonjeza kuti kwa maola awiri apezeka pa adiresi imeneyo. Chikalatachi chilinso ndi yankho lapadera, 423 Interval Too Brief, lomwe seva ikhoza kubwezera foni yomwe yapempha kulembetsa kwa nthawi yochepetsetsa, kuopa kuti izivutitsa ndi kulembetsa pafupipafupi. Tiike nambala imeneyi pambali pa ina. Mu July 2003 kunatuluka RFC 3561 ya Charles Perkins, Elizabeth Belding-Royer ndi Samir Das, yofotokoza AODV, ndondomeko yopezera njira pa netiweki ya ad hoc. Mmenemo njira yomwe yakhala masekondi atatu osagwiritsidwa ntchito imayesedwa yakufa. Pa OLSR, ndondomeko inzake ya mu October chaka chomwecho, foni iliyonse imalengeza kuti ilipo pa masekondi awiri aliwonse, ndipo mnansi amene wakhala chete masekondi asanu ndi limodzi amachotsedwa. Chikalata china chikukhulupirira munthu kwa maola awiri, china kwa masekondi atatu. Zonse zinatuluka m'bungwe limodzi, motalikirana chaka chimodzi chokha, ndipo wofuna foni ya pa mabwato ayenera kuzimanga pamodzi.

Nambala ina ndi T1, yomwe ndi theka la sekondi. Olembawo anayerekeza kuti imeneyi ndi nthawi yokwanira kuti uthenga upite ndipo yankho libwere. Foni ikatumiza INVITE osamva kanthu, imatumizanso pakatha theka la sekondi, kenako pakatha sekondi imodzi, ziwiri, zinayi, nthawi ikuwirikiza choncho, mpaka yatumiza kasanu ndi kawiri. Pakakwana masekondi 32 imagwa mphwayi. Pa waya wabwino dongosololi ndi lanzeru. Pa AODV limadzipweteka lokha, chifukwa njira siikhalapo mpaka wina ataifuna. INVITE yoyamba imadikira kaye pamene foni ikufuula funso kwa anansi, anansiwo kwa anansi awo, mpaka wina apeze Bob, ndipo RFC 3561 imalola kudikira kotereku kufika masekondi 2.8 pa kufufuza kumodzi kwa netiweki yonse. M'nthawi imeneyo SIP, posadziwa zomwe zikuchitika pansi pake, yatumiza kale INVITE ina kawiri, kuwonjezera phokoso pa wailesi yomwe ikupanikizika kale ndi kufufuza kuja. Kunena chilungamo, olembawo anasiya khomo lotsegula: amalola, ndiponso amalimbikitsa, kukweza T1 ngati zikudziwikiratu kuti njira ndi yochedwa. Vuto lili pa kudziwiratu. Pa setilaiti kuchedwa n'kodziwika ndipo sikusintha kwenikweni. Pa mabwato, mphindi ino Bob ali pafupi moti foni ziwiri zikumvana zokha, mphindi inayo pakufunika mafoni asanu opatsirana.

Gawo 21, la mayankho, ndi lomwe ine ndimalikonda, ndipo ndi lomwe limavulala kwambiri. Ndi mndandanda wa zifukwa zomwe munthu angalepherere kupezeka, zosiyanitsidwa mosamala ngati za woweruza milandu. 486 ikutanthauza kuti foni iyi yatanganidwa, koma mwina Bob ali ndi ina. 600 ikutanthauza kuti watanganidwa kulikonse, musavutike. 603 ndi kukana: waona, sakufuna. 480 ndi yakuti timamudziwa koma pakali pano sakupezeka. 404 ndi yakuti kuno kulibe dzina lotere. Ndiye pali 604, yolimba mtima kuposa onse, yonena kuti munthu ameneyu kulibe kwina kulikonse. Funso loti tifunse mzere uliwonse ndi lakuti, akuyankhula ndani? 486 ndi 603 zikhoza kunenedwa ndi foni ya Bob yomwe. Koma uthenga ukapanda kufika pa foni ya Bob, 480, 404 ndi 604 zimafuna wina wachitatu, amene ali ndi kaundula m'manja, wodziwa amene alipo, amene wachokapo ndi amene sanakhalepo n'kale. Mukachotsa wachitatuyu, mayankho atatuwa amasowa pakamwa potulukira. Woimba amangotsala ndi chete wa masekondi 32, womwe foni yake yomwe imautcha 408, kutha kwa nthawi. Mkazi wa msodzi amene akuimba dzuwa litalowa sangasiyanitse ngati batire latha, ngati bwato lakhota kuseri kwa chilumba, ngati walakwitsa nambala, kapena ngati kwachitika zoopsa. Pa mtsinje wa mvuu ndi ng'ona kusiyana kumeneku si kwa akatswiri okha.

Pali kandime kena, 10.2.6, komwe ambiri amakadumpha. Kakufotokoza njira zomwe foni ingapezere kolembetsa, ndipo yomaliza ndi yongolengeza kwa onse pa adiresi 224.0.1.75. Kandimeka kakuwonjezera kuti mafoni ena akhoza kumvetsera pa adiresi imeneyi kuti adziwe komwe kuli anzawo apafupi, koma asayankhe. Apa, m'mizere yochepa, muli mbewu ya SIP yopanda seva: aliyense alengeze, aliyense asunge kaundula wakewake. Koma onani nkhawa ya olembawo. Chenjezo lomwe aika pansi pake likunena za makampani angapo ogwiritsa ntchito netiweki imodzi, kuti mwina kulengeza kotere sikungayenere. Akuona nyumba ya maofesi, sakuona dambo. Chomwe chingavute padambo ndi china: mafoni 200 aliyense akulengeza kwa onse, chilengezo chilichonse chikubwerezedwa ndi foni iliyonse yopatsira, ndipo chiyenera kubwerezedwa pafupipafupi chifukwa anthu akuyenda. Mabatire angathere pa kulengeza anthu asanayambe n'kucheza komwe.

Pafupifupi kafukufuku yense wa nkhaniyi ndi kuyesa kudzaza mzere wofufutika uja. Gulu la Patrick Stuedi ndi Gustavo Alonso ku ETH Zurich linatulutsa SIPHoc mu 2007: foni iliyonse ili ndi kaseva kake m'kati, ndipo mayina amakwera pamsana pa mauthenga ofufuza njira omwe akuyenda kale, kuti pasakhale phokoso lachiwiri. IETF yomwe inatulutsa RELOAD mu January 2014, momwe kaundula amagawidwa zidutswazidutswa, foni iliyonse kusunga kachigawo. Nzeru imeneyi imayenda bwino pa intaneti yaikulu, koma netiweki ikang'ambika pawiri, theka la kaundula limapita ndi mabwato omwe atsikira kumunsi. A Village Telco, ntchito yomwe Steve Song anayambitsa ku South Africa mu 2008, anadula nkhani mwachidule pa kabokosi kawo ka Mesh Potato: woimba ankangodina nambala yomaliza ya adiresi ya kabokosi ka mnzake. Palibe kaundula chifukwa dzina ndi malo zakhala chinthu chimodzi. Zimagwira, koma n'kutaya chomwe SIP inabwerera, chifukwa tsopano ukuimbira bokosi lokhomedwa pamtengo, osati munthu.

Palinso nkhani ya chikhulupiriro. Mzere wa From amalemba ndi woimba mwini, ndipo gawo 26 limavomera poyera kuti munthu akhoza kulembapo bodza, kapena kulembetsa foni yake m'dzina la wina n'kumalandira mafoni ake. Mankhwala omwe chikalatachi chimapereka ndi mawu achinsinsi osungidwa ku seva ndi masatifiketi, ndipo zonsezi zimabwereranso kwa wachitatu uja. Ngakhale RELOAD, yomwe cholinga chake ndi kuchotsa seva, imadalira kwambiri seva yolembetsa yopereka masatifiketi poyambirira. Pamalo pomwe mitengo ya nsomba ndi ngongole zimakambidwa pa foni, kudziwa kuti amene wayankha ndi Bob weniweni n'kofunika ngati kumupeza.

Chitsanzo chapafupi chomwe chinachitikadi m'Zambia chili ku Macha, m'boma la Choma, kuchigawo cha kum'mwera. Kumeneko bungwe la LinkNet, lomwe Gertjan van Stam anali m'modzi wa oliyambitsa, linamanga netiweki ya timabokosi ta Wi-Fi topatsirana m'zaka za m'ma 2000, yolumikiza chipatala cha mishoni, sukulu ndi nyumba za anthu ku intaneti ya pa setilaiti. Ofufuza atayang'ana zomwe zinkayenda pa netiwekiyo anapeza kuti gawo lalikulu la mauthenga ochezera a pa Facebook linali pakati pa anthu a m'Macha momwemo, likukazungulira kunja kwa dziko kuti lifike kwa mnansi. Kenako kunabwera Kwiizya, ntchito ya Mariya Zheleva, David Johnson ndi anzawo a ku University of California, Santa Barbara, yomwe lipoti lake linatuluka mu 2013. Mafoni wamba a m'thumba ankalumikizana ndi timasiteshoni ta GSM toyendera pulogalamu ya OpenBTS, yomwe imasandutsa kuimba kwa foni wamba kukhala mauthenga a SIP, ndipo seva ya FreeSWITCH ya pamudzi pomwepo inkalumikiza oimba. Mphunzitsi wotsogolera gululi anali Elizabeth Belding, yemwe uja analemba nawo AODV. Munthu wodziwa netiweki ya ad hoc kuposa ambiri, atafika pofuna kuti anthu a kumudzi aimbirane, sanachotse seva. Anaisamutsa, kuichotsa kutali n'kuiika pamudzi. Chithunzi cha Alice ndi Bob chinatsala chathunthu, 404 ndi 480 zinapezanso wozinena, ndipo kuimbirana kwa pamudzi sikunkafunanso setilaiti.

Ndikuona kuti umu ndi momwe chikalatachi chingawerengekere moona ku Feira. Mauthenga ake asanu ndi limodzi, REGISTER, INVITE, ACK, CANCEL, BYE ndi OPTIONS, ndi opepuka ndipo akhoza kuyenda pa wailesi iliyonse. Chomwe sichingachoke ndi kaundula wokhazikika, ndipo bokosi limodzi la sola pamalo okwera likhoza kukhala kaundula wa msika, doko ndi midzi yapafupi. Zaumisiri pamenepa n'zosavuta kuposa zamalamulo, chifukwa wailesi yomveka mbali zonse za madzi imakhudza ZICTA ya Zambia, INCM ya Mozambique ndi POTRAZ ya Zimbabwe nthawi imodzi, ndipo lililonse lili ndi malamulo ake a ziphaso.

Wotsala ndi msodzi uja amene wapitirira pomwe bokosi limafika. Kwa iyeyu a Serval Project, yomwe Paul Gardner-Stephen anayambitsa ku Flinders University ku Australia chitachitika chivomezi cha ku Haiti mu 2010, anayenda njira yophunzitsa zambiri. Anayamba ndi SIP pa mafoni a Android opatsirana okha, kenako anaisiya n'kulemba ndondomeko yawoyawo. Dzina la foni linakhala kiyi wachitetezo wopangidwa ndi foniyo, kuti pasafunike wina woikira umboni. Anawonjezeranso Rhizome, momwe uthenga wolembedwa kapena fayilo sizifa pakatha masekondi 32, koma zimakhala m'foni ya aliyense amene wazilandira mpaka atakumana ndi wina wozipititsa patsogolo, kaya pakatha ola kaya mawa. Uthenga wotere ukhoza kukwera bwato la nsomba lochokera kumunsi n'kufika padoko pamodzi ndi katundu, koma wotumiza salankhulana ndi wolandira, ndipo RFC 3261 ilibe nambala ya yankho lotere.